Kamera Yoona Kutentha

Kamera ya droni yanga inafera m'mitengo ya bulugama m'mawa umene tinayamba kufunafuna bambo. Achimwene anali ataima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ukundiotcha m'khosi, akukuwa kuti, "Tsika! Tsikanso, iwe! Ndaona chinthu apo!" Ndinatsika. Chinthucho chinali chigubu chakale. Kandege kanga kanakola nthambi, kanazungulira kamodzi n'kugwa chamutu. Timapiko tina ndinali nato m'bokosi, koma kamera inali itasweka diso, chogwirira chake chitathyokeratu. Achimwene anayang'ana zidutswazo m'manja mwanga n'kunena kuti zinthu zamasiku ano n'zosalimba.

Kuulutsa droni ndiyo ntchito yanga. Ndimajambula madenga a mafakitale, nsanja za mafoni, ndi nyumba zimene zikumangidwa, kuti eni ake okhala kutali aone ngati omanga sakuwadyera masuku pamutu. Zipangizo zonse ndimanyamula m'kagalimoto kanga koyera, kokalamba, kamene chitseko chake chakumbuyo chimatsekeka ukachikankha ndi bondo. Popanda kagalimotoko ndilibe ntchito. Kumene amandiitana sikufika basi, ndipo mabokosi a mabatire sungawasenze pamutu.

Bambo anayendetsa basi moyo wawo wonse. Atapuma pantchito mutu unayamba kuwathawa pang'onopang'ono. Anayamba ndi kuiwala makiyi, kenako masiku, kenako ifeyo. Dzina langa analitaya kalekale, koma lakuti Kondakitala, limene ankandisereula nalo ndili kamwana, silinawachoke. M'mawa uliwonse ankavala jekete yawo ya kuntchito, ya mtundu wa lalanje, n'kundandalika mipando ya pabalaza iwiriiwiri, iwo n'kukhala patsogolo. Amayi ankakwera. Ankakhala pampando wakumbuyo ndi zosenda zawo pamiyendo mpaka dalaivala atanena kuti tafika. Tsiku lina amayi akusamba, bambo anapeza kiyi wa geti pamene ankabisidwa, n'kunyamuka atavala jekete yawo ija. Mayi wina wogulitsa makala anawaona akulowera kunkhalango ya bulugama ya kuseri kwa tawuni, kumene kuli mgodi wakale wa miyala.

Kamera itafa ndinaimbira a Magalasi, amene ali ndi sitolo yokhayo yogulitsa ndi kukonza zinthu zamtunduwu kwathu kuno. Ndinawapempha kamera iliyonse yokwana pa droni yanga, makamaka yoona kutentha, imene imaonetsa munthu ngakhale ali pansi pa masamba. Analibe ndi imodzi yomwe. Anati aitanitsa, ndidikire. Ndinaimbiranso anzanga apantchito. Wina yake inali yowonongeka, wina anali nayo kutali kuntchito ya mwezi wathunthu, wina sanayankhe n'komwe.

Choncho tinasaka wapansi. Apolisi anabwera ndi galu, galuyo ananunkhiza chipewa cha bambo, anatitsogolera mpaka pakamtsinje n'kukhala pansi. Anansi anabwera ndi zikwanje ndi mawenzulo. Nkhalango ija ndi yaikulu, ndipo mitengo yake inabzalidwa m'mizere yofanana, moti ukatembenuka kawiri sudziwanso kumene wachokera. Kunali kozizira, mvula yowaza sinkakata. Sabata inatha, ina inalowa n'kupita patali. Osaka ankachepa tsiku ndi tsiku, ndipo amene ankabwerabe kunyumba anayamba kulankhula motsitsa mawu, atagwira zipewa m'manja. Amayi ankawabweza pakhomo. Mipando ya pabalaza inakhalabe iwiriiwiri, ndipo aliyense wofuna kupita kukhitchini ankadutsa chammbali.

Ine mtima unali utandiuza kale. Munthu wokalamba, wosadziwa kuti njala n'chiyani mpaka utamuika supuni m'dzanja, sangagone panja pozizira masiku onsewo. Ndinkadziwa, ndipo ndinkadana nako kudziwako. Koma pamaso pa amayi pakamwa panga pankalemera.

Tsono masana ena foni inalira. A Magalasi anati katundu wafika, zabwera ziwiri: yoona kutentha ija, ndi ina wamba yotchipa. Ndinalakwa poyankhira foniyo kukhitchini, achimwene ali pomwepo.

Achimwenewo amagulitsa matayala, ndipo anthu amawatcha a Mpweya. Akunja amaganiza kuti n'chifukwa cha pampu, koma ife apabanja timadziwa chifukwa chenicheni. Si munthu woipa. Chisowereni bambo sanatsegule shopu yawo, ndipo nsapato zinawathera m'nkhalango muja. Kungoti akakhala ndi mantha amakuwa, ndipo masiku amenewo ankakuwa kuyambira m'mawa.

"Yafika yoona kutentha ija?" anandifunsa.

"Yafika."

"Ndiye ukudikira chiyani? Tiye tikatenge!"

"Mtengo wake mukuudziwa, achimwene? Ndi kagalimoto kanga konse, ndi matayala omwe munandigulitsa aja."

"Ndinalankhula nawo kale a Magalasi. Akufuna galimoto yoperekera katundu. Akuti alandira."

Ndinawayang'ana. "Mwagulitsa galimoto yanga ine osadziwa?"

"Nanga ine ndili ndi chiyani choti ndigulitse? Matayala akutha aja? Iwe, chitsulo ndi bambo ako, chachikulu n'chiti?"

"Yotchipayo ikwanira," ndinatero.

"Ikwanira bwanji? Ija unagwetsa ija sinali yotchipa? Inaona chiyani, si chigubu?" Anatembenukira kwa amayi. "Mwamumva mwana wanuyu, amayi? Bambo ali kunja uko akunjenjemera, iye akuti yotchipa. Kuumira kwake kunayamba ali wamng'ono, ankabisa masiwiti m'sokosi."

Amayi anali akutsira tiyi m'fulasiki ya bambo, monga ankachitira m'mawa ndi masana aliwonse, kuti akapezeka amwe chotentha. Sanandiyang'ane. Anangotseka fulasiki bwinobwino n'kunena kuti, "Mwanangu, galimoto idzapezeka ina."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukuwa konse kwa achimwene. Ndinali ndi yankho pamlomo. Kamera yodulayo imaona kutentha, ndipo thupi limatentha munthu akakhala moyo. Ndikanati ndinene chifukwa chimene yotchipa ikanakwanira, ndikanaika bambo m'manda pakhitchini pomwepo, amayi atagwira fulasiki. Ndinameza mawu. Ndinasankha kukhala mwana woumira kusiyana ndi kukhala mwana amene ananena.

Tinapita tonse atatu. Amayi anavala juzi yawo yabwino, anakhala kutsogolo, fulasiki ili pamiyendo. Achimwene anakhala kumbuyo pamwamba pa bokosi la mabatire, ndipo njira yonse ankafotokoza mmene kamerayo imagwirira ntchito, zimene anaona pafoni. Ine ndinkayendetsa ndikumvetsera kulira kwa injini, kugogoda kwa chitseko chakumbuyo, ndi kagiya kachiwiri kamene kamafuna kukanyengerera. Bambo ndiwo anandiphunzitsa kuyendetsa, mutu wawo ukadali wabwino. Ankati galimoto ili ngati mlamu, umaidziwa ukakhala nayo.

Sitolo ya a Magalasi ndi kachipinda kopapatiza, konunkha mtovu wosungunula ndi fumbi la mafoni akufa. Mafoniwo ali m'mabokosi a nsapato, iliyonse itamangidwa ndi labala. Mwini wake amavala magalasi awiri, ena pamphuno, ena pamphumi, ndipo nthawi zonse amafunafuna achitatu. Atationa anaimirira, anapatsa amayi mpando wawo womwe, n'kutulutsa mabokosi awiri pansi pa kauntala. Lina linali lakuda, lolemera, lokhala ndi zotsekera zachitsulo. Linalo linali katoni wamba.

"Iyi," anatero akugogoda katoniyo, "ndi kamera yabwino ndithu. Imajambula mitundu bwino, yofiira ndi yofiira, yobiriwira ndi yobiriwira. Vuto lake siyandikitsa. Mukati mukokere chinthu pafupi, chithunzi chimaphwanyika timabokositimabokosi. Usiku ndi yakhungu."

"Imeneyo isiyeni," anatero achimwene. "Tionetseni inayo."

A Magalasi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Ine ndinayang'ana pansi. Anatsegula bokosi lakuda, analumikiza kamera ija ku sikirini ya pakauntala, ndipo chipinda chonse chinasanduka chotuwa, ife tikuwala mkati mwake. Nkhope ya achimwene inali mbee, mphuno yokha ili yakuda chifukwa cha mphepo ya panja. Kachitsulo kosungunulira mtovu kanali kowala kuposa tonse. Amayi anadziona, anakweza dzanja, dzanja la pasikirini nalonso linakwera. Anamwetulira koyamba chisowereni bambo.

"Mwaona?" anatero achimwene. "Mwaona, amayi? Ngakhale ali m'dzenje, tiwaona!"

Wogulitsa aliyense ali ndi kamatsenga kake koonetsa ogula, ndipo manja amakachita okha mutu usanaganize. A Magalasi anaika chikhatho pakauntala, anadikira pang'ono, n'kuchichotsa. Pasikirini chikhathocho chinatsalira, zala zonse zisanu zikuwala pathabwa. Ndikudziwa kuti anachitira anthu ambiri zimenezi, ndipo onse ankaseka n'kupisa m'thumba. Achimwene anaseka. Amayi anasendeza mpando kufupi, n'kumayang'anitsitsa.

Chikhathocho chinayamba kuzilala. Zinayamba nsonga za zala, kenako zala zomwe, kenako pakati. Posakhalitsa panatsala thabwa lokha, lotuwa ngati poyamba.

"Lapita kuti dzanja lija?" anafunsa amayi.

"Pazizira, mayi."

Amayi anagwedeza mutu. Anayang'ana pakauntala, anayang'ana pasikirini, anayang'ananso pakauntala. Pambali pa mabokosiwo panali kapu ya tiyi yodzaza, kasupuni kali momwemo.

"Nanga kapu iyi, bambo, bwanji sikuwala? Mulitu tiyi."

"Aa, ameneyo ndi wam'mawa. Ndinamuiwala. Anazizira kalekale."

"Ndiye chinthu chikazizira, makinawa sachiona?"

A Magalasi anachotsa magalasi a pamphuno, anayamba kuwapukuta ndi malaya. Anali atazindikira chimene achita, ndipo ndinawamvera chisoni. Anayang'ana kwa ine ngati ndingawapulumutse.

"Amachiona pang'ono, mayi," anatero. "Kungoti chimafanana ndi zonse zozungulira. Mwala, nthaka, chitsa cha mtengo. Sichisiyana."

Wailesi ya oyandikana nawo inkalengeza za mpira. Achimwene anayamba kulankhula mofulumira, kuti bambo ndi munthu wolimba, anayendetsa basi zaka zonsezo osadwala ngakhale chimfine, kuti anthu amapezeka amoyo patapita nthawi yaitali, anawerengapo pafoni. Mawu awo ankakwera, maso ali ofiira. Kenako ananditembenukira.

"Pereka makiyi, iwe! Kodi ukufuna tikugwadire?"

Ndinali nditatopa. Ndinatopa ndi kusaka, ndinatopa ndi kudziwa ndekha, ndinatopa ndi kutchedwa woumira. Ndinaganiza kuti ngati kagalimoto kangagulire amayi sabata ina ya chiyembekezo, kapite. Ndidzayambiranso, kapena sindidzayambiranso, zinalibenso kanthu. Ndinatulutsa makiyi n'kuwaponya pakauntala, pomwe panali chikhatho paja.

A Magalasi sanawatole. Anawatola ndi amayi. Anawagwira m'dzanja kanthawi, akusisita kachikopa kakale kamene bambo anamangirirako tsiku limene ndinagula galimotoyo. Kenako anatsegula dzanja langa, anaika makiyiwo, n'kulitseka ndi manja awo onse awiri.

"Bambo," anatero kwa a Magalasi, "mwati yotchipayi imaona mitundu bwino?"

"Kwambiri, mayi."

"Mtundu wa lalanje imauona?"

"Imauona."

"Gula imeneyo, mwanangu."

"Amayi!" anakuwa achimwene.

"Ndamva, bambo a matayala, ndamva. Khala chete tsopano." Sananene mokalipa. Anatembenukira kwa ine. "Iwe unkadziwa?"

"Eya, amayi."

"Kuyambira liti?"

"Pakhala kanthawi."

"Ndiye unangosenza wekha, ife tikukunena." Anapukusa mutu. "Unatengera bambo ako. Basi itafa mabuleki ankangoimba nyimbo kuti okwera asadziwe."

Achimwene anatuluka panja. Ndinawaona pazenera ataima moyang'ana khoma la sitolo ya nsalu, mapewa akugwedezeka. A Magalasi anamangirira kamera yotchipa pa droni yanga mwakachetechete, anaiyesa kuti ikutembenuka bwino, ndipo bokosi lakuda lija analibwezera pansi pa kauntala mosaonetsera, monga umachotsera mbale ya munthu amene sanabwere kudzadya.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Titafika pamphambano ya kunyumba ndinayatsa chosonyeza kukhota, koma amayi anati, "Pitirira. Dzuwa likadalipo." Tinapitirira mpaka pamene msewu wa tala umathera, pamalo pomwe tinkaimika galimoto masiku onse aja. Mvula inali itakata. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo, ndinayala kansalu pansi, ndinaika batire, ndinamanga timapiko. Manja anga ankadziwa ntchito yawo, ndipo ndinawathokoza chifukwa mutu unalibe chochita. Achimwene ananyamula mabatire otsala n'kuima patali ndithu. Tsiku limenelo sanandiuze kuti nditsike.

Amayi anaima pambali panga, phewa lawo likukhudza langa, maso pa sikirini ya rimoti. Kandege kanakwera. Pansi panaoneka mitengo yokhayokha, mizeremizere, yobiriwira motuwa, ndi timipata ta nthaka yofiira. Ndinkayenda monga ndimayendera padenga la fakitale: kupita mzere umodzi, kukhota, kubwerera mzere wotsatira, osadumpha. Batire loyamba linatha. Lachiwiri linatipatsa pepala la pulasitiki ndi mbuzi ya munthu wina. Amayi sanakhale pansi.

"Kuseri kwa mgodi kuja kunali msewu," anatero ndikuika lachitatu. "Basi inkadutsa kumeneko asanamange watsopanowu. Panali siteji pansi pa phiri."

"Tinafikako, amayi. Msewuwo unamera tchire, sudziwikanso."

"Wapansi sudziwika. Pita kumwamba."

Kuchokera kumwamba unkadziwika. Pakati pa mitengo panali mzere wopapatiza wa zitsamba zazifupi, wokhotakhota, wotsetsereka kuzungulira mgodi. Ndinautsatira pang'onopang'ono. Unadutsa kamtsinje, unakwera, unakhota. Pamene unkayamba kutsikira kuchigwa, pansi pa mtengo waukulu umene sunali bulugama, panali kadontho ka mtundu wa lalanje.

Ndinaimitsa kandege m'mwamba. Ndinatsika mpaka pamene nthambi zinandiletsa. Kadonthoko kanakula pang'ono. Kanali ndi mizere iwiri yonyezimira, ndipo kanatsamira tsinde la mtengo monga munthu wokhala pansi amene akudikira. Mphepo ya timapiko inkagwedeza masamba onse ozungulira. Iko sikanagwedezeke.

Achimwene anali atafika kumbuyo kwathu. Ndinamva akupuma.

"Ndi pasiteji paja," anatero amayi. "Anafika."

Anaika fulasiki pansi, pa udzu wonyowa. Anagwira m'mphepete mwa rimoti ndi zala ziwiri, n'kuyandikiza nkhope.

"Yandikitsa ndiwaone."

Ndinayesa. Chithunzi chinaphwanyika timabokositimabokosi, talalanje, tobiriwira, totuwa. Pamene panayenera kukhala nkhope panali timabokosi tokhatokha, topanda maso, topanda pakamwa, topanda chilichonse chimene nkhalango inachita masiku onsewo.

"Siyandikitsa kuposa apa, amayi," ndinatero. "Ndi yotchipa."

Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anachotsa zala zawo pa rimoti.

"Zili bwino, Kondakitala," anatero. "Usayandikitsenso."